Tsiku Limene Ndinagoneka Mng'ono Wanga Chopingasa

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko nkudzuka, poti tulo take tinali ta pampando. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene anagonapo panja ku Biriwiri akudziwa kuti chisanu cha kumeneko sichiona nkhope. Moto wa abambo pabwalo unali utatsala makala okhaokha. Amuna ena anali atadzipinda m'mabulangete pamasaka, ena akuwodzera chokhala, zipewa atazikokera mpaka m'makutu. M'nyumba amayi a mpingo anali akuimbabe, koma mawu atasasa, nyimbo ikungodzikoka. M'nyumba imeneyo ndi mmene munali mng'ono wanga Tomeki, m'bokosi lake, mkazi wake atakhala pamphasa chakumutu.

Ndiyambe ndanena kuti ndife yani, chifukwa nkhope zathu zakhala zikufunsitsa anthu kuyambira tili ana. Bambo athu anali a ku Japani. Anabwera kuno ali mnyamata kudzaphunzitsa ulimi wa ndiwo zamasamba, ndipo anakhalitsa mpaka imvi. Mayi athu anali a ku Polandi, namwino pa kachipatala ka mishoni. Awiriwo ankalankhulana Chingerezi chothyokathyoka, akakwiyirana aliyense ankathawira ku chiyankhulo cha kwawo, ndipo ife ana awiri tinkawajeda m'Chichewa iwo ali pomwepo. M'nyumba mwathu nsapato zinkatsala pakhomo chifukwa cha bambo, Lachisanu nyama sinkadyedwa chifukwa cha mayi. Bambo ankatiphunzitsa kuwerama popereka moni, mayi ankatiphunzitsa kupsompsona azakhali amene tinali tisanawaonepo, koma tikatuluka panja tinkawomba m'manja ndi kunjuta ngati ana ena onse. Aliyense wa ife anali ndi mayina awiri, la bambo ndi la mayi. Mudzi unasankha a mayi chifukwa ndi amene ankamveka akamatikuwira kudambo, nkuwakonza kuti akwane pakamwa. Ine ndinakhala Yaneki, iye Tomeki.

Kusukulu ena ankati ndife azungu, ena ankati ndife Matchaina. Ine zinkandidya mumtima. Nditamaliza sukulu ndinapita kwawo kwa mayi kukafuna anthu ofanana nane, ndipo kumeneko anandiyang'ana m'maso nkunditcha Mtchaina. Ndinapita kwawo kwa bambo, abale anandilandira bwino kwambiri, nkundiikira foloko pambali pa mbale pamene iwo akudya ndi timitengo. Potsiriza ndinakhazikika ku Polandi, kumene ndimakonza makina pa fakitale yophika buledi. Makolo athu nawonso atakalamba anagawikana. Phulusa la bambo lili ku Japani, mayi anagona ku Polandi. Tomeki yekha ndiye sanasunthe. Anakwatira mtsikana wa m'mudzi momwemo, mnzanga wa m'kalasi, nkumalima mbatata ya kachewere ndi kabichi zokagulitsa ku Lizulu. Anagwa kudimba ali ndi khasu m'manja, ndipo pofika naye kuchipatala anali atatisiya.

Thupi linadikira ine. Masiku onse amene ndinkathamangira ndege, anthu a m'mudzimo ankagona panja pa chisanu chimenechi, minda atasiya. Nditafika palibe anadandaula pamaso panga, ndipo kusadandaulako ndiko kunandiwawa. Anandipatsa mpando wa khushoni pamene madoda oposa ine anakhala pa njerwa. Ndinayesa kukana, iwo anakana kukana kwangako. Ndinafuna kuwaza nkhuni, anandilanda nkhwangwa. Usiku wonse wa maliro ndinakhala pampandopo ngati katundu wa eni wosungitsa, ndikumva anthu akusimba za mng'ono wanga nkhani zimene ine sindinkazidziwa.

Panali chinthu china chimene ndinauzidwa madzulo omwewo, chimene sindinachiyese kulemera kwake. Mkamwini akamwalira, thupi lake limapita kwawo. Tomeki analibe mudzi woti apiteko. Amalume a mkazi wake, amene ndi mwini mbumba, ananena kuti palibe chokambirana, agona pakati pa ana awo kumanda a banja. Ndinathokoza monga munthu athokozera akamupatsa malo m'basi.

Tsono kusanache kuja, ndikusisita maso, kunabwera amuna atatu atanyamula makasu ndi fosholo. Anali adzukulu, anthu okumba manda. Mkulu wawo anavula chipewa, ananjuta pafupi ndi mpando wanga, nkuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Achimwene, pepani ndi zimene zatigwerazi. Ife tikupita kukakonza nyumba ya mng'ono wanu. Kuno timagoneka munthu mutu kumwera, kumene anachokera makolo athu. Inu ndinu mwini maliro. Nanga awa, mutu uloze kuti?"

Ndisabise, ndinakondwa. Chifikireni palibe anali atandifunsa kanthu kena koposa ngati ndikufuna tiyi. Apa tsopano panali ntchito yoti ndi ine ndekha ndingaithe. Ndinatulutsa foni, ndinatsegula mapu, amuna atatu aja akudikira chonjuta. Kwawo kwa mayi kunali kumpoto. Kwawo kwa bambo kunali pakati pa kumpoto ndi kum'mawa. Ndinaganiza kuti ndikasankha mayi ndalakwira bambo, ndikasankha bambo ndalakwira mayi, monga zinkakhalira moyo wathu wonse. Ndinakumbukiranso kuti bambo sankalola bedi la munthu wamoyo kuloza mutu kumpoto, ankati kwawo amagoneka choncho akufa okha. Zonse zinkaoneka kuti zikugwirizana, ndipo ndinadziona wanzeru.

Ndinawafotokozera zonsezi, mpaka kuwaonetsa kamuvi ka kampasi ya m'foni. Ndinalankhula nthawi yaitali kuposa mmene munthu ayenera kulankhulira pamaliro. Potsiriza ndinaimirira nkuloza ndi dzanja.

"Mutu uloze kumpoto, koma mupendeketse pang'ono chakum'mawa. Akhale pakati pa bambo ndi mayi."

Mkulu uja sanayang'ane foni ngakhale kamodzi. Anayang'ana pansi, anatembenuza chipewa chake m'manja.

"Mwatero, achimwene?"

"Ndatero."

"Zikomo. Tamva."

Ananyamuka. Anzake awiri aja anayang'anana. Ndinawaona akulowa mu nkhungu, makasu ali pamapewa, ndipo ndinakhalanso pampando wanga mtima uli m'malo.

Kunacha mochedwa. Nkhungu inatsika kuchokera m'mapiri nkuphimba zigwa zonse, moti nyumba ya pafupi inkaoneka denga lokha. Kuseri kwa khitchini amayi anali atayala mafuwa mzere wautali, ndipo utsi wa nkhuni zonyowa unkakana kukwera, unkangoyenda chapansipansi nkumaliza anthu misozi. Atsikana ankabwera ndi ndowa za madzi kuchokera kumjigo. Ena ankadula kabichi pa chitseko chakale chimene anachigoneka pa migolo, kabichi wa m'dimba la malemu yemweyo. Nyemba zinali pamoto kuyambira usiku. Mayi wina wamfupi, wa mawu ngati belu, ndiye ankalamula zonse, ndipo ngakhale amuna ankamuthawa njira.

Dzuwa lisanaoneke anthu anayamba kufika. Anayamba ndi a m'midzi yoyandikana, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, akuyamba kulira akangoona denga la nyumba. Kenaka malole a ku Lizulu, amene masiku onse amanyamula kachewere, tsiku limenelo ananyamula anthu. Anatsika amalonda a pamsika, onyamula matumba, amayi ogulitsa tomato. Anatsika bambo wina wachisilamu wa golosale, atavala kofiya yoyera, ana ake akutsitsa thumba la mpunga. Anabwera anthu a tsidya la msewu, a ku Mozambiki, amene malire kwa iwo ndi phula chabe. Anabwera ena pa njinga kuchokera ku Kandeu, mathalauza atanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Achikulire amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni anabwera ndi majasi awo aatali akalekale, nkukhala pamodzi pansi pa mtengo wa pichesi. Sindinkadziwa kuti mng'ono wanga anali ndi anthu ochuluka chotero. Ine ndikanafa kumene ndimakhalako, ondiperekeza akanakwana m'galimoto imodzi.

Ambiri ankabwera kudzandigwira dzanja. Amene sankandidziwa ankayamba ndi Chingerezi, ndikawayankha m'Chichewa ankadzidzimuka nkubwerera m'mbuyo pang'ono. Chichewa changa chinali ngati malaya otuluka m'sutikesi, chonse chilipo koma chikununkha kukhalitsa. Gogo wina anandigwira kumaso ndi manja onse awiri nkuyamba kulira kuti nkhope ndi yomweyo. Ine misozi sinkabwera. Bambo anatilera kuti mwamuna salira pagulu, ndipo ngakhale ndinkafuna kulira, m'maso munali gwa. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti azungu mitima yawo ndi youma, ndipo ndinachita ngati sindinamve.

Chakumasana pang'ono amayi amene anakapereka chakudya kwa adzukulu anabwerako. Ndinaona akuima kumafuwa, mitu pamodzi, wina akujambula kanthu m'mwamba ndi dzanja. Nkhaniyo inayenda kuchokera kumafuwa kupita pakhonde, kuchokera pakhonde kulowa m'nyumba. Ndikamadutsa anthu ankasiya kulankhula. Sindinadabwe nazo. Moyo wanga wonse anthu akhala akusiya kulankhula ndikamadutsa, ndiye ndinangoti ndi nkhope yanga yomweyi.

Ndinalowa m'nyumba kukaona alamu anga. Ndinavula nsapato pakhomo mosaganiza, ndipo ndinali ndekha wa masokosi pakati pa amayi odzaza chipinda. Mkazi wa Tomeki ndi munthu wanthabwala, kuyambira kusukulu ankandiseka kuti ndimayenda ngati ndikuwerenga miyala. Tsiku limenelo anali atatupa maso, mawu atatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati pali chimene akufuna kufunsa. Kenaka anangoti, "Alamu, mwamwa tiyi?" Ndinati ndamwa. Anagwedeza mutu nkuyang'ananso bokosi.

Mwambo unayamba dzuwa litaboola nkhungu pang'ono. Anatulutsa bokosi nkuliika pa tebulo pabwalo. Tinaona nkhope, ife abale poyamba. Tomeki anali atada ndi dzuwa la kudimba, ndipo atagona choncho ankafanana ndi bambo kuposa mmene ndinkakumbukira. Mpingo unaimba. Kenaka kunachitika chimene sindinkachiyembekezera. Amuna a ngoma, gule wa Angoni, analowa pabwalo ndi zishango ndi zibonga, nthenga kumutu, akuponda pansi mpaka nthaka kunjenjemera. Ankaimba m'chiyankhulo chakale cha makolo awo, chimene ngakhale oimbawo ambiri sachimva bwinobwino. Pakati pa mzere wawo anasiya mpata wa munthu mmodzi, ndipo palibe anaupondamo. Munthu amene ndinakhala naye pafupi, mnzanga wakale amene tinkasaka naye mbewa tili ana, anandiuza kuti pamenepo ndi pamene pankaima Tomeki. Zaka zonsezi ankavina nawo, ine osadziwa.

Atalankhula a mpingo ndi oimira anzake a pamsika, anaimirira amalume aja, mwini mbumba. Ndi munthu wowonda, wolankhula mofatsa, moti anthu anachita kutontholetsana kuti amve.

"Mwana uyu anabadwira pano. Mchombo wake unagwera m'dothi lino. Watilimira, wativinira, watiikira abale athu. Ife tinati agone pakati pa ana athu, poti kwa ife ndi mwana wathu. M'mawa uno tinatuma anthu kukapereka ulemu kwa achimwene ake, monga timachitira. Eni ake atiuza kumene akupita. Ife sititsutsa mwini maliro. Ayende bwino, akafike kwawo."

Anakhala pansi. Pabwalo ponse panamveka kung'ung'udza kwapansipansi, ndipo mayi wina m'khonde anayambanso kulira mokweza. Ndinatembenukira kwa mnzanga uja.

"Akutanthauza chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa dzina la mayi anga. Anayandikitsa pakamwa kukhutu kwanga.

"Iwe Yaneki, funso lija silifuna yankho. Amafunsa kuti akulemekeze basi. Ukanangoti, ndi mwana wanu, mugonekeni monga mugonekera ana anu. Nkhani ikanathera pomwepo."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Munthu wa ndevu amauzidwa zimenezo? Iwe sunakulire konkuno?"

Ndinakulira konkuno. Ndinkadziwa bwinobwino kuti munthu ukamupeza akudya nkukuuza kuti tiyeni tidye, suthamangira kusamba m'manja. Kwawo kwa bambo nakonso mafunso otere ndi ambiri, ndipo ndinavutika nawo mpaka kuwaphunzira. Mwa anthu onse amene anali pabwalopo, ine ndiye ndinayenera kulizindikira funso la ulemu. Koma ndinalitenga ngati la pamayeso, nkuliyankha ndi mapu. Anthu anandipatsa mpata woti ndinene kuti mng'ono wanga ndi wawo, ine nkuwauza pamaso kuti ndi mlendo wodutsa.

Ndinakumbukira tsiku lina tili anyamata, msilikali wa pa chotchinga cha pamsewu atatifunsa kuti kwathu nkuti. Ine ndinayamba kufotokoza za bambo ndi za mayi, maiko awiri ndi nyanja zake. Tomeki anandidula nkuti, "Kwathu ndi pa Biriwiri, kuseri kwa dibi ya ng'ombe." Msilikaliyo anaseka nkutiuza kuti tizipita. Funso limene ine landizunguza moyo wonse, iye analiyankha kalekale ali ndi kabudula wong'ambika. Vuto la pakati pa bambo ndi mayi linali langa, ndipo ndinalinyamula kuchokera kutali kudzamugoneka nalo iye.

Tinanyamuka kupita kumanda kukuwaza kamvula kosanyowetsa msanga. Njira yake ndi yokwera, yodutsa m'minda ya chimanga chokolola kale, mapesi ali mbwee. Amuna ankalandirana bokosi paphewa, wina akatopa wina walowa, osaliika pansi. Ndinalowa nawo kanthawi, koma ndine wamtali kuposa ambiri ndipo bokosi linkapendekeka, ndiye wina anandigwira pamkono mwaulemu nkutenga malo anga. Amayi ankabwera m'mbuyo akuimba. Dothi lofiira linkamata ku nsapato. Njira yonse ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti mwina adzukulu aja anandinyoza nkukumba monga akumbira masiku onse.

Sanandinyoze. Manda a banjalo ali m'kankhalango ka mitengo yakale, ndipo mitumbira yonse inagona mofanana, mzere ndi mzere, mitanda yonse mbali imodzi. Pakati pa mizere imeneyo panali dzenje la mng'ono wanga, lopingasa. Linakumbidwa bwino, makona ake osalala, ndendende mmene ndinalozera. Kuti likwane chopendekera choncho anachita kusiya mpata waukulu uku ndi uku, moti linaima palokha ngati dzino lomera pambali. Ngakhale mwana akanaona kuti amene agone apa si wa pano. Anthu ankafika, kuyang'ana dzenjelo, nkuyang'ana kumbali.

Anaika bokosi pa mitengo iwiri yopingasa pakamwa pa dzenje, mutu kumpoto. Abusa anawerenga mawu awo. Adzukulu anagwira zingwe. Ndiye mkulu wawo uja, thupi lonse lili dothi, anasiya chingwe chake nkubwera pamene ndinaima. Analankhula motsitsa kwambiri, kuti timve awiri.

"Achimwene, tisanatsitse. Mutu ndi uku ndithu?"

Ndinamva chimene ankandipatsa. Dzenje silikanawongoka, koma bokosi likanatembenuzidwa, mutu nkuloza chakumwera ngati anzake onse, ngakhale mokhota pang'ono. Inali ntchito ya amuna anayi ndi mawu amodzi ochokera kwa ine. Mawuwo ndinali nawo, mnzanga anali atandiphunzitsa kumene. Koma nyimbo inali itasiya, ndipo anthu onse aja, a ku Lizulu, a ku Kandeu, a tsidya la msewu, ankayang'ana ine. Ndinaganiza kuti ndikasintha tsopano aliyense adziwa kuti ndinalakwitsa, ngati kuti panali wina amene sankadziwa. Ndinaganiza za mmene bokosi lizungulire pamaso pa khamu lonselo chifukwa cha ine. Ndikanakonda kunena kuti ndi bambo anandiphunzitsa kusabweza mawu pagulu, kapena kuti ndi liuma la mayi, koma onsewo anagona kwawo ndipo alibe mlandu. Anali manyazi anga, ndipo ndinawaika patsogolo pa mng'ono wanga.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Mkulu uja anandiyang'ana kamphindi, anati zikomo, nkubwerera ku chingwe chake. Bokosi linatsika bwinobwino osagunda m'mbali. Anandipatsa fosholo ya dothi kuti nditapepo, ndinaponya, linagwa pa thabwa ndi mawu amene sindidzawaiwala. Kenaka mafosholo anayamba kulandiranalandirana, ndipo posakhalitsa panali mtumbira. Poika nkhata za maluwa anaitana mkazi wake, ana ake, amalume, kenaka woitanayo anati, "Achimwene a malemu, ochokera kunja." Ndinapita ndekha, ndinawerama monga anatiphunzitsira bambo, ndipo m'khamumo wina anatsokomola. Mtanda anauzika kumutu, mbali yosiyana ndi mitanda ina yonse.

Pobwerera tinasamba m'manja pa beseni limene analiika panjira. Anthu anadya m'magulumagulu, mofulumira chifukwa cha kuzizira. Malole analiza mahutala kuitana anthu awo. A njinga ananyamuka kuti mdima usawapeze m'mapiri. Amene ankabwera kudzanditsanzika ankanena mawu abwino okhaokha, kuti ndayenda ulendo wautali, kuti ndalimba mtima, kuti Mulungu andisunge pobwerera kwathu. Liwu loti kwathu limenelo ankalinena mwaulemu, ndipo lililonse linkandilasa. Amalume aja anandigwira dzanja ndi manja awiri nkundithokoza chifukwa chobwera. Ndikanakonda akanandilalatira.

Pofika madzulo pabwalo panatsala phulusa, njerwa zokhalira ndi makoko a kabichi. Anyamata anabweza mabenchi kutchalitchi. Nkhungu inayambanso kutsika. M'nyumba munatsala amayi ochepa achibale ogona ndi namfedwa, ndipo ana a Tomeki anali atagona pakona atafunda bulangete limodzi. Tebulo limene panali bokosi analikankhira kukhoma. Pakhomo panali nsapato za jombo za mng'ono wanga, matope a kudimba akadali pomwepo.

Alamu anga anatuma mayi wina kudzandiitana. Ndinawapeza atakhala pamphasa pomwe paja, atatsamira khoma, nyali ya parafini ili pambali. Ndinakhala pansi. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma anatuluka awiri okha.

"Alamu, ndalakwa."

"Mwalakwadi," anatero, mosakweza mawu. Kenaka pakamwa pawo panaoneka kanthu konga kumwetulira kwa kale. "Foni yanu ija ndi yanzeru, alamu, koma sinakulire kuno."

Apo ndi pamene misozi inabwera, itachedwa tsiku lonse, pamene panalibenso khamu loti liione. Ndinafunsa ngati pali chimene chingachitike, ngati ndingakapepese kwa amalume, ngati mwina pakapita nthawi tingakonze.

"Munthu saikidwa kawiri," anatero. "Kupepesa mukapepese, adzakulandirani, ndi munthu wabwino. Koma zinazo zatha. Musavutike nazo, ndakonza kale."

Ndinafunsa kuti akonza bwanji.

"Ndalankhula ndi amalume pobwera kumanda kuja. Mpata uja wasiyidwa pambali pake ndi wanga. Tsiku langa likadzafika adzandigoneke chopingasa momwemo, mutu kumpoto. Kwanuko sindikudziwako, ngakhale chiyankhulo chake sindichimva. Amayi anga ndi agogo anga adzandikhululukira. Koma Tomeki sangapite yekha kumene sadziwa munthu."

Atatero anakoka chitenje nkufunda kumutu.